Magemu akale akufa, owapulumutsa akutchedwa akuba

Mantha onse ali pa timiyendo.

Chip yakale imakhala ndi timiyendo 24 kapena 28, topyapyala, tomwe takhala m'mabowo ake zaka 40 osasuntha. Wofuna kuizula amayamba wamanga kachingwe pamkono kuti magetsi a m'thupi mwake asaiwononge. Kenako amalowetsa kachitsulo kathyathyathya kunsi kwake n'kutukula pang'ono kumutu, pang'ono kumchira, n'kubwereranso kumutu.

Akangopupuluma, kamwendo kamodzi kamatsalira m'bowo.

Bolodi imene pakhala chip imeneyi ndi yobiriwira, yafumbi, nthawi zina ya zitosi za makoswe, poti yachokera m'shedi momwe inaiwalika kalekale. Pamsana pa chip iliyonse pali kapepala komata kokhala ndi nambala, kena kotayipa, kena kolemba pamanja. Kapepala kameneka sasenda. Kunsi kwake kuli kazenera kagalasi, ndipo dzuwa likamawomba pamenepo kwa masiku angapo, zolembedwa m'katimo zimayamba kufufutika.

Ikazuka bwinobwino, amaikhazika pa kabokosi kolumikizidwa ku kompyuta n'kutsitsa kampini koti kaipane. Kudina batani, masekondi ochepa, zatheka. Pa sikirini pangoti mbwee manambala opanda tanthauzo kwa munthu wamba.

Sakhulupirira msanga. Amawerenganso kachiwiri, kachitatu, kuti aone ngati nambala yotsimikizira ikutuluka imodzimodzi. Ikasintha ndiye kuti kamwendo kena kachita dzimbiri, kapena chip yayamba kale kuiwala.

Ikafanana, amaibwezera pamalo pake n'kupita pa inzake. Bolodi ina imakhala ndi machip 10, ina oposa 30.

Ntchito imeneyi eni ake amaitcha dumping, ndipo ikuchitikira m'magalaja ndi m'zipinda za m'nyumba ku America, ku Japan, ku Spain, ku Australia ndi m'mayiko ena. Ambiri mwa oichita salandira kanthu. Chimene akuthamangira n'kukopera magemu a m'makina oponya ndalama, aja a arcade, mabolodi ake asanafe, kuti pulogalamu ya pa kompyuta yotsanzira makinawo, yomwe amati emulator, iwadzutse.

Makinawa anali geni ya ndalama zachitsulo. Kabati wamtali, sikirini pakati, kandodo ndi mabatani, m'munsi kabowo koponyera ndalama. Mu 1972 kampani ya Atari inakaika Pong mu bala ina ku Sunnyvale, m'dera la California, ndipo patangopita masiku owerengeka makinawo analeka kugwira ntchito chifukwa kachitini kolandirira ndalama kanadzaza. Mu 1978 kampani ya Taito ya ku Japan inatulutsa Space Invaders, mu 1980 Namco n'kutulutsa Pac-Man, ndipo makina anasefukira m'mabala, m'malo odyera ndi m'masitolo.

Pulogalamu yonse yoyendetsa Pac-Man ndi ya makilobayiti 16. Chithunzi chimodzi chojambula pa foni ya lero chimaposa pamenepo kokwana ka 100.

Zosunga panalibe amene ankaziganiza. Mwini malo ankafuna ndalama m'kachitini. Gemu ikatopetsa anthu, ankazula bolodi n'kuikamo ina, kabatiyo n'kumupaka penti watsopano, bolodi yakale n'kupita kudzala.

Makampani nawonso ankachita chimodzimodzi. Nthambi ya Nintendo ya ku America inaitanitsa makina 3,000 a gemu yotchedwa Radar Scope, pafupifupi 2,000 n'kukanika kugulidwa. Mu 1981 anawasandutsa Donkey Kong, gemu ya Shigeru Miyamoto, yomwe inaimika kampaniyo pa miyendo. Gemu ina ya Nintendo ya chaka chomwecho, Sky Skipper, itakanika kukopa anthu poyesedwa, mabolodi ake anasandutsidwa a Popeye.

Amene anapulumuka kudzala akukumana ndi imfa ina, ya pang'onopang'ono.

Machip ambiri a m'makinawa ndi a mtundu wa EPROM. Sasunga zinthu mozokota ayi. Amasunga timphamvu ta magetsi totsekeredwa m'tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo timphamvuto timadontha m'kupita kwa zaka. Kawirikawiri opanga ake ankalonjeza zaka 10 kapena 20. Ambiri apirira kuposa pamenepo, koma palibe angakuuze kuti iyi ifa liti. Kadontho kamodzi kakasintha, munthu wa m'gemu amatuluka ndi mzere pankhope, kapena gemu yonse imangouma pakati pa ulendo.

Imeneyo ndi imfa ya ukalamba. Palinso imfa yochita kupangana ku fakitale.

Mu 1991 kampani ya Capcom inatulutsa Street Fighter II, gemu ya nkhonya imene inadzutsanso malonda a makinawa padziko lonse. Akathyali sanachedwe. Anakopera machip ake n'kumapanga mabolodi achinyengo otchipa, ena mpaka kusintha malamulo a gemuyo kuti omenyana azitulutsa moto ali m'malere. Ndalama zambiri zinalowa m'matumba a anthu amene sanakhetsepo thukuta.

Mu 1993 Capcom inabwezera. Mabolodi ake atsopano, a CPS-2, anabwera otsekeredwa m'zikamba zapulasitiki za mitundu yosiyana malinga ndi kumene akupita: zobiriwira za ku Japan, zabuluu za ku America ndi ku Ulaya, zotuwa za mayiko ena a ku Asia. Pulogalamu ya gemu inali yosokonezedwa dala, yosawerengeka popanda kiyi wachinsinsi. Kiyi ameneyu sanamulembe pokhalitsa. Anamuika m'kachipangizo kamene kamakumbukira pokhapokha ngati kabatire kali pambali pake kakadali ndi moto.

Batire likatha, kiyi wapita. Ukayatsa makina, sikirini imangoonetsa mtundu umodzi, yopanda chithunzi, yopanda mawu.

Okonda makinawa anawapatsa dzina mabatire amenewa: mabatire odzipha.

Masiku amenewo mwini makina ankatumiza bolodi ku Capcom n'kulipira kuti akaidzutse. Nanga kampani ikasiya kulandira mabolodi akale? Akathyali anagonja, zoona. Koma msampha umene anatchera akuba unatsala ukudikira aliyense amene anagula bolodi mwachilungamo, kuphatikizapo nyumba zosungiramo zinthu zakale zimene panthawiyo zinali zisanayambe n'komwe kuganiza za magemu.

Panatenga zaka kuti anthu authyole. Mu 2001 kagulu kotchedwa CPS-2 Shock kanapeza njira yonyengerera bolodi yamoyo kuti iulule pulogalamu yake itamasulidwa kale. Mu 2007 Andreas Naive ndi Nicola Salmoria anathyola masamu enieni a chinsinsicho. Mu 2016 Eduardo Cruz, Artemio Urbina ndi Ian Court anaonetsa mmene munthu angabwezeretsere kiyi m'bolodi yakufa kuti idzuke monga inachokera ku fakitale. Kuchoka 1993 kufika 2016, ndi zaka 23 zolimbana ndi loko wa kampani imodzi.

Dzina la Salmoria limabwerabwera m'nkhaniyi. Ndi katswiri wa mapulogalamu wa ku Italy, yemwe pa 5 Febuluwale 1997 anatulutsa pulogalamu yotchedwa MAME. Poyamba inkayendetsa magemu owerengeka ndi zala, ambiri a fuko la Pac-Man. Lero ikuyendetsa masauzande, ndipo anthu a m'mayiko ambiri amaiwonjezera pafupifupi mwezi uliwonse. Kuyambira 2016 ili pansi pa chilolezo chopatsa aliyense ufulu woiwerenga ndi kuisintha.

MAME imanamizira kukhala bolodi. Imatsanzira purosesa, kachipangizo ka mawu, kachipangizo ka zithunzi, mpaka liwiro limene zonsezi zinkayendera. Pulogalamu ya gemu ikalowamo imaona ngati ili kwawo, n'kuyamba kuyenda.

Eni ake amanena poyera kuti cholinga chawo n'kulemba mmene makinawo ankagwirira ntchito, kusewerako n'kongoperekeza. Ena amaseka akamva zimenezi, koma zochita zawo zimawaikira umboni. Akapeza kuti gemu ikuyenda mosiyana ndi makina enieni, amaikonza ngakhale zitachititsa kuti izilemera pa makompyuta ofooka. Fayilo yokayikitsa amailemba poyera kuti inakoperedwa molakwika. Chip imene sinawerengedwepo amailembanso pa mndandanda, kuti aliyense adziwe kuti pali mpata.

Magemu enieniwo MAME sigawa. Ili ngati wailesi ya kaseti yopanda kaseti. Popanda munthu wozula chip ndi kuiwerenga, palibe chimene ingaimbe.

Ndipo machip ena sawerengeka ndi kabokosi kaja.

Makampani monga Taito ankabisa kachidutswa ka pulogalamu m'kachip kapadera kokhoma, komwe kamayankha zimene bolodi yafunsa koma osaulula zimene zili m'mimba mwake. Bubble Bobble, gemu ya 1986 ya tizilombo tiwiri tolavula thovu, inali ndi kachip kotero. Kwa zaka zambiri otsanzira ankadalira zongoyerekeza ndi zimene anatola m'mabolodi a akathyali. Gemu inkayenda, koma odziwa ankaona kuti zina sizikuchitika monga pa makina enieni. Kachip kenikeni kanawerengedwa mu 2006, patatha zaka 20.

Chip ikakana kulankhula, amaisenda.

Amaboola pang'ono pamsana pake n'kudontheza asidi wa nitric, wotentha, wofuka utsi woti munthu akaupuma mapapo amapsa. N'chifukwa chake amachitira m'kabati wokoka mpweya, atavala magolovesi ndi magalasi. Pulasitiki wakuda uja amasungunuka pang'onopang'ono. Amatsuka, n'kudonthezanso, mpaka pakati paoneke kachidutswa konyezimira ka mamilimita ochepa.

Kachidutswako amakaika pa maikulosikopu n'kujambula zithunzi zambirimbiri, kenako n'kuzilumikiza kukhala chimodzi chachikulu. Pa machip ena pulogalamu imaoneka ndi maso: mizere ya timadontho, pena kalipo, pena palibe. Pomwe kalipo ndi 1, pomwe palibe ndi 0, kapena mosemphanitsa. Chip ya makilobayiti 4 okha ili ndi malo otere 32,768.

Pomwe kompyuta yalephera kuwazindikira, amawawerenga anthu. Gulu lotchedwa Caps0ff, lomwe linatchuka pa ntchitoyi kuyambira 2016, linkagawa zithunzi kwa anthu ongodzipereka kuti azitayipa 1 ndi 0 pamanja, chithunzi chimodzi anthu angapo, kuti wina akalakwitsa anzake amugwire.

Machip ena ali ndi loko wofufutika ndi kuwala kwa ultraviolet. Vuto n'lakuti kuwala komweko kumafufutanso pulogalamu. Mankhwala ake anapezeka pa tebulo lodzikongoletsera: kyutekisi. Amapaka mosamala mbali imene kuli pulogalamu, n'kusiya loko yekha pamtunda, kenako n'kuwalitsa. Dzanja likanjenjemera, zonse zapita.

Nthawi zambiri chip yosendedwa sibwereranso pa bolodi. Choncho mwini bolodi yosowa amayenera kuvomera kuti yake ilumale n'cholinga choti gemuyo ikhale ndi moyo kwina. Si onse amavomera, ndipo sindikuwadabwa.

Ndalama nazo zimalowa. Mabolodi osowa amagulitsidwa pa okushoni, makamaka ku Japan, ndipo opulumutsa amalimbirana ndi anthu a matumba akuya otolera zinthu zakale. Magulu monga The Dumping Union amasonkherana, n'kugula bolodi, kuitumiza kwa wodziwa kuwerenga, nthawi zina n'kuigulitsanso kuti apeze yogulira ina.

Amene anagulapo kabokosi kotchipa kolumikiza ku TV, kolembedwa kuti muli magemu akale mazanamazana, wadyapo thukuta la anthu amenewa osadziwa. Opanga timabokosito amangotola mafayilo aja pa intaneti n'kuchita nawo malonda. Apa m'pamene makampani amaloza chala, ndipo ali ndi mfundo.

Malamulo ali mbali ya makampani. Ku America, chinthu chimene kampani yatulutsa chimatetezedwa zaka 95, kotero gemu imene inatuluka mu 1982 idzakhala ndi mwini mpaka kumapeto kwa 2077. Chip yolonjezedwa zaka 20 ikuyenera kudikira zaka 95. Masamu amenewa sakugwirizana.

Makampani ena anafa kalekale. Toaplan inagwa mu 1994, Data East mu 2003, ndipo umwini wa magemu a makampani otere umagulitsidwa uku ndi uku mpaka wofuna kupempha chilolezo amasowa khomo logogoda.

Amene alipo saseka. Mu 2018 Nintendo inasumira banja lina la ku Arizona lomwe linkagawa mafayilo a magemu pa intaneti, ndipo chigamulo chinali cha madola oposa 12 miliyoni. Chaka chomwecho EmuParadise, imodzi mwa nkhokwe zazikulu za mafayilo otere, inachotsa yokha magemu ake poopa zomwezo.

Wina anganene kuti nanga bwanji osangogula kwa eni ake? Bungwe la Video Game History Foundation, lomwe anayambitsa Frank Cifaldi, linawerengera. Kafukufuku wake wa mu Julayi 2023, yemwe linachita ndi Software Preservation Network, anapeza kuti magemu 87 mwa 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso. Kwa amene anatuluka chisanafike 1985, opezeka pa msika sakukwana 3 mwa 100 alionse.

America inazionapo zoterezi. Lipoti la Library of Congress la mu 2013 linati mafilimu aatali a m'dzikomo a nthawi imene kanema analibe mawu, 70 mwa 100 alionse anatayika kotheratu.

Nyumba zosungiramo mabuku ndi zinthu zakale zinapempha chinthu chochepa: kuti ziziloledwa kuonetsa magemu amene zasunga kwa ochita kafukufuku kudzera pa intaneti. Bungwe la makampani a magemu, Entertainment Software Association, linakana, n'kumati anthu azidzangosewera ulere. Mu Okutobala 2024 ofesi yoona za umwini ku America inakana pempholo. Wofufuza mbiri ya magemu, kaya ali ku California kaya ku Zomba, ayenera kukwera ndege kupita kumene gemuyo yasungidwa, monga ku The Strong mumzinda wa Rochester.

Alipo eni ake amtima wabwino, koma ndi ochepa. Mu 2008 kampani ya Gaelco ya ku Barcelona inapereka gemu yake ya magalimoto ya 1993, World Rally, pamodzi ndi pulogalamu yachinsinsi imene inali m'chip yodalira batire. Nintendo nayo inalola kuti Sky Skipper ituluke pa makina ake a Switch mu 2018, itakopera machip a makina amene anasungidwa ku likulu lake la ku America. Kampani ikachita yokha amati kusunga mbiri. Ntchito yake ndi yomwe ija ya kachitsulo ndi kabokosi.

Ndinene kuti fayilo si makina. Kulemera kwa kandodo m'dzanja, kuwala kwa sikirini yakale yagalasi, phokoso la makina 20 olira nthawi imodzi, mnzako wodikira kumbuyo ali ndi ndalama yake m'manja, zonsezi sizilowa m'chip. Chimene dumping imapulumutsa ndi gemu yokhayo. Koma popanda iyo, kabati wosungidwa bwino uja adzakhala bokosi lamatabwa.

Mkangano wowawa kwambiri suli pakati pa opulumutsa ndi makampani. Uli pakati pa anthu okonda chinthu chimodzi.

Mu 1982 Dave Ralston ndi Mike Hally a ku Atari anapanga gemu yotchedwa Akka Arrh. Wosewera amakhala pa mzinga pakati pa sikirini n'kumawombera adani ochokera mbali zonse, ndipo akamuyandikira kwambiri amakoka chithunzi kuti amenyane nawo pafupi. Itayesedwa kwa anthu sinapange ndalama zokwanira, Atari n'kuisiya. Makina odziwika kuti alipo anali atatu okha, onse m'manja mwa anthu otolera zinthu zakale, ndipo kwa zaka zambiri eni akewo sanalole kuti mafayilo ake atuluke.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Makina amene gemu yake ilibe kwina kulikonse ndi chuma. Eni ake ankaopa kuti gemu ikafalikira mtengo ugwa. Ena ankati anagula ndi ndalama zawo, anakonza ndi manja awo, amapita nawo ku zionetsero kuti anthu akasewere, ndiye wina abwere kudzawauza zochita?

Mu Epulo 2019 mafayilo a Akka Arrh anangotulukira, ndipo gemuyo inalowa mu MAME.

Posakhalitsa kunamveka nkhani yoti munthu wokonza makina, yemwe anaitanidwa kunyumba ya mmodzi wa eni akewo kudzakonza gemu ina, anatsegula kabati wa Akka Arrh mwakabisira n'kukopera machip ake. Ena anakhulupirira. Ena anati ndi nkhambakamwa yobisira munthu amene anatulutsa mafayilowo mwakufuna kwake koma akuopa anzake. Umboni wogwirika sunaonetsedwe poyera.

Ngati zinachitikadi, munthu ameneyo anachita zoipa. Kulowa m'nyumba ya munthu amene wakukhulupirira n'kugwira katundu wake kuseri ndi khalidwe loti silingayeretsedwe ndi mawu akuti mbiri. Ndipo zimapweteketsa anzake onse, chifukwa mawa lake mwini bolodi wina aliyense amakhoma chitseko.

Koma eni makinawo nawonso ankalondera chinthu chimene sichinali chawo chonse. Matabwa, sikirini ndi bolodi zinali zawo. Pulogalamu ya m'katimo, mwa lamulo, inali ya Atari, ndipo amene anaivutikira anali Ralston ndi Hally. Makina atatu ndi ochepa kwambiri moti moto, madzi osefukira ndi chip imodzi yoiwala zikanatha kutseka nkhani yonse. Mwina eni akewo anakopera n'kusunga mwachinsinsi. Koma fayilo yobisidwa mu kompyuta ya munthu mmodzi imadalira kuti ana ake adzadziwe kuti n'chiyani akamadzagawana katundu.

Chimene chinatsatira n'chodziwika. Mu Novembala 2022 Akka Arrh inatuluka mwalamulo m'gulu la magemu lotchedwa Atari 50, lomwe inakonza kampani ya Digital Eclipse. Mu Febuluwale 2023 Jeff Minter wa ku Britain anatulutsa Akka Arrh yatsopano, yopangidwa ndi chilolezo cha Atari. Gemu imene inakanidwa mu 1982 inayamba kupanga ndalama patatha zaka 40.

Inaliponso gemu ina yobisidwa chimodzimodzi. Marble Madness II inapangidwa mu 1991 kuti itsatire gemu ya Mark Cerny ya 1984, koma inayesedwa nthawi imene aliyense ankaponya ndalama mu Street Fighter II, ndipo sinatulutsidwe. Makina ake ochepa anakhala m'manja mwa otolera zaka 30, okonda magemu akungoimvera m'maluwa. Mu 2022 mafayilo ake anaponyedwa pa intaneti popanda dzina la wowaponya, ndipo pasanapite nthawi yaitali anthu a MAME anali ataiyendetsa.